KODI NKULAKWA KUCEPETSA CIYEMBEKEZO?

Abale anga okhala m'mbali mwa nyanja, pali funso limene landisowetsa tulo, ndipo ndifuna kuti tilisinkhesinkhe pamodzi. Pamene ndarama yatha mphamvu ndi malonda afooka, anthu amayamba kufuna zocepa. Kodi kutero ndi nzeru, kapena ndi mantha odzicha nzeru?

Funsoli linadza ndi mphwanga wa ku Senga Bay. Mnyamatayo anaphunzira za magetsi, ndipo anali naco cofuna cacikuru: kugula masola ndi firiji, kuti cambo ndi utaka zisamaole pamcenga poyembekeza wogula, ndi kuti amalonda a ku Lilongwe aziitanitsa nsomba pa foni, nalipira pa foni pomwepo. Anasunga ndarama zaka ziwiri. Koma mwezi wa May 2022 Kwacha inatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi magawo 44. Zipangizo zonsezo nzocokera kunja, cotero mtengo wace unathamanga ngati gwape, ndarama zace nizitsala m'mbuyo. Lero ali ndi sola imodzi yokha, nachaja mafoni ndi mabatire a nyali za asodzi a usipa. Tsiku lina anati kwa ine, "Amalume, za firiji zija ndinaleka, cinali cibwana cabe."

Mau amenewo anandiwawa koposa kusowa kwa firijiyo.

Tisayese kuti bvutoli ndi lathu lokha. Ku America eni cuma, amene kale ankathira ndarama mwa mnyamata ali yense wobwera ndi nzeru yatsopano ya pa intaneti, anamanga matumba ao pamene ciwongola dzanja cinakwera. Ndipo mu November 2022 kampani ya eni Facebook inacotsa anchito 11,000. Mphepo ya mwera ikaomba sisankha bwato.

Ndibvomereza kuti kucepetsa kwina nkwabwino. Ukwati wa magalimoto khumi, foni yatsopano caka ndi caka, ngongole ya katapila yogulira zobvala za tsiku limodzi: zimenezi zikafota sindilira konse. Cimeneco ndi cilakolako, ndipo njala icidulira bwino.

Koma kuli kucepetsa kwina kumene kumalowa mwakacetecete ngati ciswe. Munthu amene wagona kawirikawiri pamzere wa mafuta a injini ya boti amafika poyesa kuti dziko linalengedwa motero; akapatsidwa malita asanu amaomba m'manja, osafunsanso cimene cacititsa. Bambo aturutsa mwana wace wamkazi m'sukulu, nati, "Tisafune zapamwamba, ife ndife amphawi," ndipo anansi amtama kuti ngwodzicepetsa. Taonani bwino: wodzicepetsa ndi bambo, koma wolipira mtengo wace ndi mwana. Munthu ali ndi ufulu wocepetsa mbale yace ya iye mwini. Sindikhulupirira kuti ali nao ufulu wocepetsa tsogolo la wina, nalicha kukhutira. Ndipo pamene mphwanga acha nzeru yace cibwana, anamizira nzeruyo mlandu wa ndarama. Nsomba zikali kuola pamcenga monga kale. Firiji ikufunikabe. Cimene casintha ndi mtengo wokha.

Makolo athu anaziona izi. Malonda a dziko lonse lapansi atagwa m'caka ca 1929, mitengo ya fodya ndi thonje inatsika kuno ku Nyasaland. M'kati mwa masautso omwewo, m'caka ca 1935, mlatho wa pa Zambezi unatha, ndi njanji inafika ku Chipoka ndi ku Salima. Anthu anayembekeza kuti sitima idzadza ndi cuma. Koma katundu anacepa, ngongole ya njanjiyo inalemera, ndipo amuna ambiri anamka ku Salisbury ndi ku Joni, ena nakhala macona. Njanji inaima pa Salima kufikira 1979, pamene inapitirira ku Lilongwe ndi thandizo la Canada. Zaka 44! Wakuona sitima yoyamba ali mnyamata anaona yaciwiriyo ali ndi imvi. Cifukwa cace sindingathe kumnyenga mphwanga kuti, "Pirira, mawa ziwongoka." Kapena sizidzawongoka msanga.

Komatu ndikumbukira mwambo wa pa cilumba ca Mbenji, m'dziko la mfumu Makanjira. Mwezi wa December asodzi onse amacoka pacilumbapo, osaponyanso khoka kufikira April. Miyezi imeneyo banja lidya ndiwo za masamba, nilicepetsa zogula. Koma palibe wowaza bwato lace nkhuni. Amasoka cilimira, namata ming'alu. Zoona, iwo adziwa mwezi wobwerera, pamene mphwanga saudziwa wace, ndipo kusiyana kumeneko sikocepa. Kulindira tsiku losadziwika nkolemetsa mtima, ndipo ife akuru, amene tinadya kale zathu, tisafulumire kudzudzula ana akatopa.

Cimene ndinampempha ncimodzi cokha. Ndinati, "Mphwanga, usagule cimene sungathe, usakongolenso kwa akatapila, koma kope lija unajambulamo masola ndi mawaya, usalitaye, ndipo usalichenso cibwana pamaso panga." Anaseka, nalowa m'nyumba, nadza nalo. Mitengo inali yofafanizidwa katatu, ndipo masamba a kumapeto analembamo maina a asodzi amene sanalipire zochajitsa nyali.