Kodi wangongole ali ndi ufulu wogula fuliji?

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya m'nyumba mwanga momwe, mundipirire.

Fuliji yanga inayamba kudwala mu Okutobala, mwezi umene kuno ku Nkhata Bay munthu umatuluka thukuta ngakhale wangochoka kumene m'nyanja. Poyamba inkangobuula usiku, kenako mafilizi anayamba kutuluka ali madzi okhaokha. Wokonza anathira gasi kawiri. Ulendo wachitatu anangotchera khutu kumbuyo kwake n'kunena kuti, "Amama, kompuresa yapita iyi. Ndikakudyeraninso ndalama ndichimwa."

Imafa chonchi ine ndili kale pansi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, okala yanga sinadzukenso. Ndinatenga katundu pangongole kwa wamaoda wina ku Mzuzu, kuti ndimubweze ndinakongola ku banki mkhonde, ndipo kuti ndisachite manyazi kubankiko ndinagogoda kwa wakatapila. Dziko lino lili ndi lamulo la Insolvency Act la 2016, limene limalola khoti kugamula kuti munthu walephereratu kubweza ngongole zake. Koma ife a pamsika sitifika kumeneko. Chigamulo chathu chimaperekedwa pamjigo, ndipo umachidziwa ukaona anthu asiya kulankhula iwe ukamafika.

Okala itatsekedwa, fuliji ija ndi imene inkatidyetsa. Mafilizi a ana asukulu, madzi ozizira tsiku limene Ilala yaima padoko, ndi batala amene ndinkasungira anthu opita ku Mzuzu.

Ndiye achimwene anga a ku Johannesburg ananditumizira kangachepe. Ndalamayo inkakwana fuliji yakale yogula kwa munthu, kapena gawo limodzi mwa magawo atatu a ngongole ya ku banki mkhonde. Zonse ziwiri ayi.

Azakhali anga sanazungulire. Anati ndalama ikalowa m'nyumba ya wangongole imakhala yafika kale kwa eni ake, iwe umangoigwirizira. Ndinafuna kuwatsutsa koma mawu anandithera, chifukwa banki mkhonde ilibe nyumba yagalasi kapena bwana wa tayi. Ndi amayi a m'dera langa lomwe, ogulitsa usipa, nthochi ndi ufa wa kondowole, amene amasonkha sabata ndi sabata kuti pogawana mu Disembala agule feteleza ndi yunifolomu. Ndikachedwetsa ndalama yawo, pali mwana weniweni amene ndimamudziwa ndi dzina amene abwezedwe kusukulu.

Komabe mbali inayi nayonso ili ndi mano. M'buku la Deuteronomo, mutu 24, muli lamulo loletsa wokongoza kutenga mphero ya mnzake ngati chikole, pachifukwa choti potero watenga moyo wa munthuyo. Anthu akalewo anaona chinthu chimene ife timachiiwala tikapsa mtima: wangongole amene wamulanda chogwirira ntchito sadzakubwezera. Ndikanapereka ndalama yonse ija, amayiwo akanalandira gawo limodzi, magawo awiri otsalawo ndikanawatenga kuti? Msodzi wogulitsa ukonde kuti abweze ngongole amagona bwino usiku umodzi basi.

Apa mpamene ndinayamba kudziopa ndekha. Maganizo amenewa ndi okoma kwambiri kwa munthu amene akufuna kale kugula. Wangongole aliyense amadziwa kusandutsa chilakolako chake kukhala mphero. Wina ati foni yatsopano ndi ya bizinesi, wina ati suti ndi yofunsira ntchito. Inenso ndiulule, sindinkangoganiza za mafilizi. Ndinkafuna madzi ozizira akumwa ine mwini, ndipo ndinkaopa kuti anthu adziwa kuti kwa uje ngakhale fuliji kulibenso. Malire a chofunika ndi chokhumba amaoneka bwino ukamaweruza mnzako. Zikakhala zako, mzerewo umasuntha wokha usiku.

Chinanso chimene chimandinyansa, ndinene ndithu, ndi choti anthufe timafuna wangongole azioneka wangongole. Akadya nyama tamuona, akasoketsa chitenje tamuwerengera. Mwina zimenezi timazitcha chilungamo pomwe tikungofuna kumuona akuvutika. Koma amayi aja sanandipemphe kuti ndivutike. Anandipempha ndalama zawo.

Nditasinkhasinkha masiku anayi ndinazindikira kuti mapulani anga onse anali ndi chinthu chimodzi chofanana: fuliji imayenera kulowa m'nyumba usiku, pa kabaza wa kudera lina. Bwanji usiku, ngati ndinali wolungama? Chimene ndinkafuna kuwabera amayiwo chinali mwayi woti anenepo kanthu pa ndalama imene ili yawo pang'ono, yanganso pang'ono.

Lachinayi ndinapita kumsonkhano wa gulu ndi ndalamayo m'kansalu. Ndinaiika pamkeka, n'kufotokoza zonse. Kunali zii. Kenako mayi wina amene mwana wake ali Folomu 4 anati, "Anzathu, ine mayeso a mwana wanga adikire mafilizi?" Palibe anamuyankha, ndipo ine mpaka lero ndilibe yankho lake. Anakambirana ine ndili panja. Pomaliza anagwirizana kuti fuliji igulidwe, koma ilembedwe m'kaundula ngati chikole cha gulu, ndipo madzulo alionse ndizipereka kwa msungichuma theka la zimene ndagulitsa.

Fulijiyo ilipo, ndi yoyera mbali imodzi, inayo dzimbiri. Inalowa masana, anthu akuona. Mayi uja anavota zokana ndipo tikakumana pamsika amayang'ana kunyanja. Wamaoda wa ku Mzuzu sindinamuuze chilichonse, pakuti iye sakhala nawo pamkeka, ndipo ndikamatsegula chitseko cha fuliji m'mawa ndimamukumbukira.