Malire a Chipukuta Misozi pa Ngozi ya Nyukiliya

Pangano lililonse limadalira mfundo ziwiri, yakuti olowa m'panganolo avomereza mwa kufuna kwawo zimene zingawagwere, ndi yakuti wowononga angathe kulipira zimene wawononga. Chiopsezo cha nyukiliya, kutanthauza kuthekera kwakuti cheza chakupha chochokera m'ng'anjo yopangira magetsi kapena m'bomba chifalikire pa anthu ndi panthaka, chimagwedeza mfundo zonse ziwirizi, chifukwa ambiri mwa amene chingawapweteke sanasainire chilichonse, ndipo ena mwa iwo sanabadwe n'komwe.

Pangano la ku Paris la 1960 ndi la ku Vienna la 1963 anayesa kuthana ndi vutoli posenzetsa mlandu wonse kampani yoyendetsa ng'anjoyo, kotero kuti wovulala safunikira kupereka umboni wakuti panali kusasamala, koma wakuti ngoziyo ndiyo inamuvulaza basi. Chifundo chimenechi chinabwera ndi mtengo wake. Pangano la ku Vienna linalola boma kuchepetsa ndalama zimene kampani ingalipire pa ngozi imodzi, bola zisachepere madola 5 miliyoni a ku America, ndipo linalamula kuti ufulu wokasuma uzitha pakapita zaka 10, ngakhale kuti khansa yobwera ndi cheza imatha kuonekera nthawi imeneyo itadutsa kale. M'chaka cha 1997 nthawiyi inatalikitsidwa kufika pa zaka 30 pa milandu ya imfa ndi kuvulala. Chifukwa cha malirewo sichinali chobisika: makampani a inshuwaransi sakanavomera kusenza ngongole yopanda mapeto, ndipo popanda iwo amalonda sakanamanga ng'anjo, zimene dziko la America linali litazindikira kale pokhazikitsa lamulo la Price-Anderson mu 1957.

Malire olembedwa papepala sachepetsa chiwonongeko ngakhale pang'ono. Amangosankha amene adzasenze chotsalacho, ndipo kawirikawiri amakhala wokhoma msonkho kapena wovulala mwini wakeyo. Choncho chiopsezo chimene pangano limatchula ndi gawo lokhalo la tsoka limene wina wavomera kulipira. Anthu a ku zilumba za Marshall, kumene dziko la America linayeserako mabomba a nyukiliya maulendo 67 pakati pa 1946 ndi 1958, anaona tanthauzo la zimenezi. Mgwirizano wa pakati pa America ndi zilumbazi umene unayamba kugwira ntchito mu 1986 unapereka madola 150 miliyoni monga malipiro otsekera nkhani yonse, koma bwalo limene linakhazikitsidwa kuti limve madandaulo awo linagamula chipukuta misozi choposa madola 2 biliyoni, ndipo thumba linauma gawo lalikulu lisanaperekedwe. Nkhani inatsekedwa pa malamulo matenda asanathe m'matupi.

Hans Jonas, katswiri wa nzeru zakuya wobadwira ku Germany, anaphunzitsa m'buku lake la 1979 kuti mphamvu za luso lamakono zakula kufika poti munthu ali ndi udindo kwa mibadwo imene sadzaiona, ndipo udindowo sudalira kubwezerana, pakuti wosabadwa alibe chimene angapereke kapena kukana. Ganizoli ndi lovuta kulilowetsa m'pangano, popeza pangano limafuna mbali ziwiri zamoyo ndi bwalo lozimvera, pamene plutonium-239, chitsulo chopezeka m'zinyalala za ng'anjo, imatenga zaka pafupifupi 24,000 kuti theka la cheza chake lithe. Palibe boma, khoti kapena chilankhulo cholembera malamulo chimene chakhalapo nthawi yotalika chotero.

Pa zida zankhondo malamulo amachita chibwibwi koposa. Mu 1996 Khoti Lalikulu la Dziko Lonse ku The Hague linanena kuti kugwiritsa ntchito zida za nyukiliya kumasemphana kawirikawiri ndi malamulo oteteza anthu pankhondo, koma kuti silingagamule motsimikiza ngati kuli kololedwa kapena koletsedwa pamene dziko likudziteteza kuti lisafafanizike. Oweruza anagawanika 7 kwa 7 pa ndime imeneyi, ndipo inadutsa ndi voti yachiwiri ya mtsogoleri wa khotilo, Mohammed Bedjaoui wa ku Algeria.