Wapha Ndani? Mmene Lamulo Limalumikizira Zochita za Munthu ndi Imfa ya Mnzake

Bwalo la milandu lisanagamule kuti munthu wapha mnzake, oimira boma amayenera kutsimikizira zinthu zitatu: kuti munthu wafadi, kuti zimene woimbidwa mlandu adachita ndizo zidadzetsa imfayo, ndiponso kuti mumtima mwake mudali cholinga kapena kusasamala kumene lamulo limalanga. Mfundo yachiwiriyo pa milandu yambiri sivuta: wina wabaya mnzake pamtima, mnzakeyo wafera pomwepo. Vuto limabuka pamene pakati pa mpeni ndi manda palowa zina, monga dokotala wolakwitsa, wovulala wokana chithandizo, kapena munthu wachitatu wochita zakezake. Zikatero khoti limakumana ndi funso limene ansembe ndi anthu oganiza mozama akhala akulimbana nalo kuyambira kalekale: kodi zotsatira za zochita za munthu zimaleka pati kukhala zake?

Muyeso woyamba ndi wa "akadapanda". Woweruza amachotsa m'maganizo chimene woimbidwa mlandu adachita, n'kufunsa ngati malemuyo akadafabe nthawi yomweyo. Mu 1910, ku England, bambo wina dzina lake White adathira poizoni m'chakumwa cha mayi ake kuti awaphe. Mayiwo adapezekadi atafa, koma madokotala atapima mtembo adati chidawapha ndi mtima, osati poizoniyo. Khoti lidampeza White wolakwa pa mlandu wofuna kupha basi.

Komatu muyeso umenewu pawokha uli ngati neti ya udzudzu yoponyedwa m'nyanja: umakokolola ndi tosafunika tomwe. Wosula mpeni akadapanda kuusula, wogulitsa akadapanda kuugulitsa, makolo a wobayayo akadapanda kumubala, imfayo sikadachitika, koma palibe wanzeru amene angawakokere kukhoti. H. L. A. Hart ndi Tony Honoré, m'buku lawo la Causation in the Law la mu 1959, adaonetsa kuti pa zinthu zambirimbiri zimene zimathandizira kuti kanthu kachitike, anthu amatola ziwiri n'kuzitcha zoyambitsa: chochita cha munthu wochita mwakufuna kwake, kapena chinthu chachilendo chimene sichichitikachitika. Nyumba ikapsa, mpweya satchulidwa ngakhale moto sungayake popanda mpweya. Amatchulidwa amene adayatsa machesi. Choncho muyeso wachiwiri si wa sayansi. Umafunsa ngati chochitacho chidali chachikulu ndithu pa imfayo, ndiponso ngati chidali chikugwirabe ntchito pamene munthuyo amatsirizika.

Milandu iwiri ya kuchipatala imaonetsa pamene malire adutsa. Mu mlandu wa Smith wa mu 1959, msilikali adabayidwa m'mapapo pa ndewu ya kumalo a asilikali. Mnzake womunyamula adamugwetsa kawiri panjira, ndipo chithandizo chimene adalandira chidali cholakwika. Adafa patapita maola awiri okha. Khoti lidati bala lidali likadali laliwisi, choncho wobayayo ndiye adapha. Mu mlandu wa Jordan wa mu 1956, bala lidali litatsala pang'ono kupola, koma madokotala adabwereza mankhwala amene thupi la wodwalayo lidali litawakana kale, n'kumuthiranso madzi ochuluka kwambiri m'mitsempha. Apa chigamulo chidafafanizidwa. Oweruza am'tsogolo akhala akuutenga mlandu wa Jordan ngati wapaderadera, ndipo m'pomveka: amene wagoneka mnzake m'chipatala sayenera kupulumukira pa kulakwitsa kwa anthu amene akuyesetsa kukonza zimene iye waononga. Malamulo a milandu ya upandu a ku Malawi, a Penal Code, omwe muzu wake ndi malamulo a ku England, amanena zofanana: wovulaza mnzake ndiye wapha ngakhale chithandizo chitalakwika, malinga chidaperekedwa ndi mtima wabwino komanso luso limene wachipatala aliyense amayenera kukhala nalo.

Nkhani imalemera kwambiri ikafika pa chikhulupiriro. Mu mlandu wa Blaue wa mu 1975, mtsikana wa zaka 18 adabayidwa kanayi atakana kugona ndi mwamuna wina. Iye adali wa Mboni za Yehova. Kuchipatala adamuuza poyera kuti akapanda kuikidwa magazi afa, koma adakana, ndipo adamwalira. Maloya a wobayayo adati kukanako kudali kopanda nzeru, kotero mtsikanayo adadzipha yekha. Woweruza Lawton sadavomereze. Adati wochita chiwawa amasenza munthu yense amene wamupweteka, thupi lake pamodzi ndi chikhulupiriro chake chomwe. Lamulo lakale lidali litanena kale kuti womenya munthu wa bade lofewa sangadziteteze ponena kuti wa bade lolimba sakadafa. Mlandu uwu udaika chikumbumtima pa mlingo womwewo. Ena amafunsa ngati mfundoyi ilibe malire, poti chikhulupiriro munthu amachita kusankha pamene bade amabadwa nalo. Funsolo n'lomveka, koma yankho la khoti ndi lolimba kuposa funsolo. Mtsikanayo sadapite yekha kukaima pakati pa moyo wake ndi Mulungu wake. Adamufikitsapo ndi mpeni. Likadakhala kuti khoti lidayamba kuyeza ngati chipembedzo chake chidali chanzeru, wozengedwa mlandu akadasanduka malemuyo.

Pamene munthu wachitatu walowererapo, chofunika n'kudziwa ngati adachita mwaufulu. Mu mlandu wa Pagett wa mu 1983, bambo adagwira mtsikana wa zaka 16, woyembekezera, n'kumuika patsogolo pake uku akuombera apolisi. Apolisi adabwezera, ndipo chipolopolo chawo chidapha mtsikanayo. Khoti lidati wapha ndi Pagett, chifukwa wodziteteza sachita mwaufulu weniweni. Maganizo amenewa ndi akale. M'buku lachiwiri la Samueli, Uriya adafa ndi lupanga la Aamoni, Davide ali kutali ku Yerusalemu, komabe mneneri Natani adaika imfayo pamutu pa Mfumu Davide, amene adalemba kalata yolamula kuti Uriya aikidwe poti aphedwe pankhondo. Mbali inayo ikuoneka mu mlandu wa Kennedy wa mu 2007: Kennedy adakonza jakisoni wa heroin n'kupatsa mnzake, mnzakeyo adadzibaya yekha n'kufa. Khoti lalikulu la House of Lords lidafafaniza chigamulo cha kupha, ponena kuti munthu wamkulu, wodziwa chimene akuchita, ndiye mwini chochita chake.

Pali zoyambitsa zina zimene khoti silizilandira n'komwe. E. E. Evans-Pritchard, polemba za Aazande mu 1937, adafotokoza za nkhokwe yogwera anthu okhala pamthunzi pake. Aazande ankadziwa bwino kuti chiswe ndicho chidadya mitengo. Chimene ankafunsa n'chakuti idagweranji nthawi imeneyo, pa anthu amenewo, ndipo yankho lawo lidali ufiti. Funso lotere limamvekanso pa maliro ambiri kuno kwathu, ndipo limachokera mu ululu weniweni. Koma khoti limangolandira mgwirizano umene ungaonetsedwe ndi umboni woti wina aliyense akhoza kuuyesa. Lamulo la ufiti la ku Malawi, la mu 1911, limalanga wonenera mnzake ufiti. Kumene malire amenewa aphwanyidwa, okalamba osalakwa aphedwa ndi magulu a anthu.

Chotsala ndi nkhani ya mwayi, imene Bernard Williams ndi Thomas Nagel adaikambirana mu 1976. Madalaivala awiri oledzera mofanana athamangitsa galimoto pamsewu umodzi; kutsogolo kwa mmodzi kwadutsa mwana, kwa winayo ayi. Mitima yawo ndi yofanana, chasiyana ndi mwana yekhayo. Ena amati chilango chizitsata mtima wokha. Komabe khoti silizenga mtima wokha: limayankhanso banja limene laika maliro, ndipo amene wasewera ndi moyo wa mnzake wavomera yekha kuti zotsatira zake zidalire mwayi. N'koyenera kuti wopha atchedwe wopha, koma kusiyana kwa zilango kusakule ngati kuti amene adaphonya ndi munthu wabwinopo. Ku England lero, wopha mwadala amalamulidwa ukaidi wa moyo wonse popanda kuchitira mwina, ndipo wofuna kupha akhoza kulandira chilango chomwecho ngati woweruza waona kuti n'koyenera.