Kodi Mudzi Wopanda Boma Ungakhalitse?

Amayi anzanga, mwezi wathawu mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira ku yunivesite, anabwera kudzatithandiza kukumba kachewere. Madzulo tikuotha moto, pajatu kuno ku Dedza kuzizira sikuona nyengo, anayambitsa nkhani imene mpaka lero ikundizungulira m'mutu. "Amayi," anatero, "bwanji anthu amaganizo amodzi osagula malo awoawo n'kumanga mudzi wopanda msonkho, wopanda khansala, wopanda wina wouza mnzake chochita? Aliyense azidya thukuta lake. Wofuna sukulu alipire sukulu, wofuna msewu alipire msewu, wosafuna asakakamizidwe." Anati anthu oganiza chotere alipo ambiri kunjaku, makamaka ku America, ndipo amatchedwa ma libertarian.

Poyamba ndinaseka, koma nditamvetsetsa ndinaona kuti si nkhani yachibwana. Chiphunzitso chawo n'chakuti munthu ndi mwini wa thupi lake, ntchito yake ndi katundu wake, choncho palibe woyenera kumukakamiza kanthu pokhapokha ngati iyeyo akupweteka mnzake. Mmodzi mwa akatswiri awo, Robert Nozick wa ku yunivesite ya Harvard, analemba buku mu 1974 lonena kuti ntchito ya boma ithere pa kuteteza anthu kwa akuba, achiwembu ndi ophwanya mapangano basi. Kwa iye, kudula msonkho pa malipiro a munthu sikusiyana kwenikweni ndi kumugwiritsa ntchito mokakamiza. Ife tili nalo dzina la ntchito yotere: thangata.

Tisafulumire kuwanyoza, chifukwa mbali ina akunena zimene ife tinaziona ndi maso. Agogo athu ankathawira m'mapiri akamva kuti amesenjala a msonkho afika, ndipo amuna ambiri anapita ku Joni ndi ku Salisbury kukafuna ndalama ya msonkhowo, kusiya amayi akulera ana okha. Ife achikulire tikukumbukira khadi ya chipani. Popanda khadi sunkalowa mumsika, sunkakwera basi, ndipo panali amayi oyembekezera amene ankauzidwa kuti agulirenso khadi mwana wosabadwa. A Mboni za Yehova anakana kugula khadiyo. Mpingo wawo unaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 ambiri anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, kenako ku Mlangeni, kutsidya kwa malire athuwa. Kaya timagwirizana nawo pa chiphunzitso kaya ayi, nyumba zawo zinatenthedwa m'dzina la boma. Ngakhale lero, mayi amene amadula chiphaso tsiku ndi tsiku pamsika wopanda chimbudzi ali ndi chifukwa chofunsira kumene ndalama yake ikupita. Munthu akandiuza kuti boma lingathe kusanduka chilombo, sinditsutsa.

Funso langa ndi lina. Tikachotsa chilombocho, mudzi utsala m'manja mwa yani?

Ayesapo kale, ndipo nkhani imene yandigwira mtima ndi ya tawuni yaing'ono ya Grafton, m'chigawo cha New Hampshire ku America, ya anthu opitirira pang'ono 1,000. Mu 2004 kagulu ka ma libertarian kanasankha tawuniyi chifukwa inali kale ndi malamulo ochepa, nayamba kuitana anzawo kuti asamukireko. Atachuluka m'misonkhano ya tawuni anakakamira kuti ndalama zoyendetsera tawuniyo zidulidwe. Misonkho inali yochepa, koma misewu inayamba kukumbika osakonzedwa. Ena mwa obwerawo anamanga misasa ndi matenti m'nkhalango, aliyense n'kumataya zinyalala ndi zotsala za chakudya mmene wafunira. Tsono m'nkhalango za kumeneko muli zimbalangondo. Zinazolowera kupeza chakudya pafupi ndi nyumba za anthu, mantha n'kuzithera. Panali mayi wina amene ankazipatsa chakudya pakhomo pake chifukwa ankazikonda, pamene oyandikana naye ankaziopa ndipo ena ankazisaka ndi mfuti. Aliyense anali pa malo ake, akuchita za ufulu wake. Mu 2012 chimbalangondo chinaukira mayi wina pakhomo pa nyumba yake n'kumuvulaza koopsa. Mtolankhani Matthew Hongoltz-Hetling analemba buku lonse la nkhaniyi mu 2020, pamene n'kuti ntchito ya kagulu kaja itazilala kale.

Kunena chilungamo, zimbalangondo zinkachuluka m'chigawo chonsecho, ndipo si onse ochita zimenezi amene anali a kagulu kaja. Komabe amene munalimapo m'mphepete mwa phiri mukudziwa kuti nyani sadziwa malire a munda. Mnzako akaleka kulondera, anyani akamaliza chimanga chake amalowa m'chako. Pali zinthu zimene sizigawika kuti ichi n'changa, icho n'chako.

Ku Chile nako, anthu ena anayamba kugulitsa malo kuti amange mudzi wotere, nautcha Galt's Gulch, dzina lochokera m'buku la Ayn Rand. Anthu analipira ndalama zambiri. Pofika 2014 zinadziwika kuti malowo analibe chilolezo choti agawidwe, ndiponso nkhani ya madzi inali yosalongosoka. Anthu othawa boma aja anakathera kukhoti la boma kukadandaula.

Koma tisapite kutali. Titavota pa referendamu ya 1993 n'kulowa m'ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994, mawu oti ufulu anali pakamwa pa aliyense, ndipo ena anawamva ngati chilolezo cholowa m'nkhalango ndi nkhwangwa. Amene munaliona phiri la Dedza litavala mitengo ya paini, kapena nkhalango ya Chongoni mmene inalili, mukudziwa chimene ndikunena. Wocheka matabwa anapeza yake, wootcha makala anapeza yake, ndipo aliyense payekha anali ndi chifukwa chomveka: ana akufuna fizi, m'nyumba mulibe ufa. Amene analipira mtengo wake ndi mayi amene lero amadzuka tambala woyamba kukafuna nkhuni, ndi wa dimba lakumunsi amene mtsinje wake umaphwa mwezi wa Okutobala usanafike. Palibe amene anawapempha chilolezo amayi amenewa. Chiphunzitso chimene chimati usakakamize mnzako chimasowa chonena pamene anthu chikwi, aliyense ndi mtengo umodzi wokha, aumitsa kasupe.

Ndipo kutsidya kwa msewu wa M1, ku Angonia, tinaona mbali zonse ziwiri. Boma la Frelimo linkasonkhanitsa anthu m'midzi yolima pamodzi, ambiri asakufuna. Nkhondo itakula m'zaka za m'ma 1980, boma linasowa m'madera ambiri, koma chimene chinalowa m'malo mwake si ufulu ayi, ndi anyamata a mfuti. Dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi, ambiri a iwo kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, mpaka pangano la mtendere la ku Rome mu 1992 litawatsegulira njira yobwerera. Tinagawana nawo zitsime ndi manda. Sindinamvepo mmodzi akuyamikira masiku amene kwawo kunalibe wolamula.

Mwana uja sanagonje msanga. Anati zonsezi n'zosiyana ndi zimene iye akunena, chifukwa mudzi wake ukhala wa anthu olowa mwakufuna kwawo, ndipo wosakhutira ali ndi ufulu wochoka. Nozick nayenso ankaganiza chomwecho: pakhale midzi yamitundumitundu, munthu asankhe womukomera. Apa ndi pamene ine monga mayi ndinaima nji. Ndani amene angathe kuchoka? Mnyamata wopanda banja amanyamula chikwama n'kukwera minibasi. Kuno kwathu, kumene mwambo wa chikamwini udakalipo m'midzi yambiri, mwamuna zikamuvuta amanyamula khasu ndi bulangete n'kubwerera kwawo. Mayi amatsala ndi ana asanu, munda, ndi agogo odwala m'nyumba. Nanga mwana wobadwira m'mudzimo anasaina liti pangano? Nanga wolumala, wamasiye, wodwala matenda a mgonagona amene alibe choti agulitse? Pamene boma kapena mudzi ukana kusenza anthu otere, sikuti katunduyo amasowa. Amagwera pamsana pa mayi wina, mwaulere, ndipo m'mabuku a akatswiri aja salembedwa.

Taganiziraninso za malemu Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Mtakataka, imene inatisiya mu 2025. Inathetsa maukwati ambirimbiri a ana aang'ono n'kuwabwezera kusukulu, ndipo inaimitsa mafumu amene ankalekerera mchitidwewu. Makolo ena ankati mwana ndi wathu, nkhani ya m'banja mwathu isakukhudzeni. Kwa iwo kunali kulowerera. Kwa mtsikana wa zaka 13 unali ufulu woyamba umene anaulawapo. Wa libertarian woona mtima angavomereze kuti mwanayo naye ndi mwini wa thupi lake, koma kuti mawuwo agwire ntchito panafunika munthu waudindo wogogoda pakhomo la eni ake asanamuitane, ndipo pambuyo pake panafunika lamulo la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti msinkhu wokwatiwa ukhale zaka 18.

Sindikunena kuti anthu sangadziyendetsere okha zinthu popanda boma. Timachita tsiku lililonse. Taonani banki m'khonde. Palibe nduna imene inatilembera kalata kuti tilowe; tinalowa tokha. Koma taonani kuchuluka kwa malamulo amene tinadziikira! Wochedwa alipira chindapusa. Bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndalama ziwerengedwa pamaso pa onse. Pali kathumba kapadera ka maliro ndi matenda kamene aliyense amaponyamo, afune asafune. Ameneyo ndi msonkho, kungoti tinaupangana tokha ndipo timaona kumene ukupita. Ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitika wina akathawa ndi ngongole: timapita kwa amfumu, zikakanika timapita kupolisi.

Mayi wina wa ku America, Elinor Ostrom, amene mu 2009 anakhala mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma, anatha zaka zambiri akufufuza midzi imene yasunga nkhalango, msipu ndi ngalande zothirira kwa mibadwomibadwo, monga ku Switzerland, Spain ndi Nepal. Anapeza kuti imene inakhalitsa ndi imene inkadziwa bwino amene ali m'gulu, inkapanga yokha malamulo ake, inali ndi oyang'anira, ndipo chilango chinkayamba chaching'ono n'kumakula wina akabwereza. Ngakhale mpingo woyamba wa ku Yerusalemu, umene anthu ankapereka chuma mwakufuna kwawo, sunapite patali amasiye ena asanayambe kuiwalika pa kagawidwe ka chakudya, mpaka anasankha amuna asanu ndi awiri oti aziyang'anira. Kuno kwathu, m'zaka za m'ma 1930, Wilfred Gudu wa ku Thyolo anakhazikitsa gulu la Ana a Mulungu limene linakana kukhoma msonkho kwa atsamunda, iye mpaka anamangidwa. Chimene chinawagwirizanitsa anthu akewo chinali chikhulupiriro chimodzi ndi mtsogoleri womumvera, osati mfundo yoti aliyense ayendere yake. Mmene ndikuonera ine, midzi yodzipatula imene imakhalitsa imakhala ndi malamulo ambiri kuposa midzi yathuyi, ndipo imene imalonjeza kuti simudzakhala wokuuza chochita ndi imene imayamba kupasuka.

Moto utatsala makala okhaokha ndinamufunsa mwana uja funso limodzi. Ndinati, m'mudzi mwakomo mukamwalira munthu wosauka amene sanalipire kalikonse, adzukulu okumba manda achokera kuti, nanga ufa wa pasiwa asonkha ndani? Anati anthu adzathandiza mwa chifundo chawo. Ndinati zoona, ambiri adzathandiza, monga amachitira kuno. Nanga uja amene sapita pa maliro a anzake chaka ndi chaka, tsiku limene zamugwera mudzatani naye? Anaganiza kanthawi, kenako anati mwina pangafunike kabuku kolembamo mayina, ndi munthu wosunga kabukuko. Mchemwali wanga, amene anali chete nthawi yonseyi akusenda kachewere wa mawa, anangoti, "Ameneyo kwathu kuno timati nyakwawa."