Ndani Ali ndi Ufulu Wojambula Machona?

Minda ya tiyi ya ku Chipinge ndi ku Honde Valley imanamiza maso. Tiyi amamudulira kuti asatalike kupitirira m'chiuno, motero mapiri amaoneka obiriwira chimodzimodzi chaka ndi chaka, ngati kuti nthawi siidutsako. Chonsecho tiyi anayamba kubzalidwa ku New Year's Gift m'zaka za m'ma 1920, ndipo ena mwa omwe akhala akuthyola masamba ake anachokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique. Amene sanabwerere, kwathu timawatcha machona. Ena sanasiye chithunzi chilichonse, ena anangosiya cha pachitupa.

Kudzanai-Violet Hwami, yemwe anabadwira ku Gutu mu 1993 ndipo anaimira Zimbabwe pachionetsero cha ku Venice mu 2019, amatenga zithunzi zakale za pabanja n'kuzijambulanso ndi penti pachinsalu. Amasanjikiza mitundu, nkhope ina n'kuwala, ina n'kuzimirira. Nanga mdzukulu wa wothyola tiyi atatero ndi nkhope ya agogo ake, kodi sakuwanamizira?

Ine ndikuti ayi. Chithunzi cha pachitupa chinali cha boma ndi bwana, chongozindikirira wantchito. Chikumbumtima cha banja sichikhala choncho: mawu a munthu timawakumbuka, mphuno yake n'kutithawa. Penti wosanjikizana amanena zoona za kuiwala kumeneku. Ngakhale gule wamkulu, yemwe Achewa anafika naye m'mafamu a ku Zimbabwe, safuna kuti chigoba chifanane ndi malemu kuti mudzi uwakumbuke.

Komabe ufuluwu uli ndi malire. Lamulo la mu 2001 linachititsa kuti ana ambiri a machona azionedwa ngati alendo m'dziko lomwe anabadwira, kufikira malamulo aakulu a mu 2013 atawatsegulira njira ya unzika. Munthu amene anafufutidwa kale m'kaundula sayenera kufufutidwanso pachinsalu. Wojambula akachotsa dzina, n'kugulitsa nkhopeyo ku London ngati "wantchito wa m'tiyi", wachita zomwe bwana uja anachita: wapeza phindu pa munthu, munthuyo n'kumutaya.

Choncho wojambula asinthe mitundu mmene akufunira, koma ayambe wakhala pansi ndi abale a malemu. Awafunse dzina, mfunda ndi mudzi wa kwawo, kaya ndi ku Mulanje kaya ku Dedza, ndipo ngati abalewo alola, azilembe pansi pa chithunzicho.