Chogulidwa Chiyenera Kukonzedwa Kuyambira M'kati

1, 2. Kodi nchiyani chimene chimasintha, ndipo nchiyani chimene sichisintha, pamene njinga yamoto yakale yagulidwa?

M'CHAKA cha 1959 fakitale ya Triumph ya ku Meriden, pafupi ndi mzinda wa Coventry ku England, inayamba kugulitsa njinga yamoto yotchedwa Bonneville, ya injini ya masilinda aŵiri ya 650 cc. Dzinalo linatengedwa ku chigwa cha mchere cha Bonneville ku Utah, m'United States, kumene mu 1956 Johnny Allen anathamanga liŵiro loposa makilomita 340 pa ola pamakina okhala ndi injini ya Triumph. Fakitaleyo inatsekedwa mu 1983, koma njinga zimene inapanga zikufunidwabe. Anthu amazipeza m'magalaja mmene zakhala zili chiimire kwa zaka makumi ambiri, nalipira ndalama zochuluka kuti zikhale zawo.

2 Tsiku limene njinga yoteroyo ifika panyumba pa wogulayo limakhala lachisangalalo. Komabe, aliyense wozoloŵera ntchito imeneyi amadziŵa kuti kulipira mtengo sikunasinthe kalikonse m'kati mwa injini. Mwini wake ndiye wasintha, koma dzimbiri likali pomwepo. Zimenezi zimathandiza kumveketsa chiphunzitso cha Baibulo chimene ambiri amachigwira mbali imodzi yokha: munthu woomboledwa ndi Kristu amakhala wa Mulungu kotheratu, ndipo panthaŵi imodzimodziyo ntchito ya kumkonza imakhala itangoyamba kumene.

Mwini Watsopano, Dzimbiri Lakale

3, 4. (a) Kodi mkhalidwe wa Akristu a ku Korinto umasonyezanji? (b) Kodi wokhulupirira watsopano sayenera kutaya mtima chifukwa ninji?

3 Mtumwi Paulo anakumbutsa Akristu a ku Korinto kuti iwo sanalinso eni a matupi awo, popeza mtengo unali utalipiridwa kaamba ka iwo. (1 Akorinto 6:19, 20) Petro anafotokoza kuti mtengowo sunali siliva kapena golidi, koma mwazi wa Kristu. (1 Petro 1:18, 19) Ena mumpingo umenewo poyamba anali mbala, zidakwa, ndi achigololo, ndipo anali atasambitsidwa. Chikhalirechobe, m'kalata imodzimodziyo Paulo anawadzudzula chifukwa cha nsanje ndi mikangano, nawayerekezera ndi makanda ofunikirabe mkaka. (1 Akorinto 3:1-3; 6:9-11) Iwo anali ogulidwa ndithu, koma anali asanathe kukonzedwa.

4 Yesu anasimba za munthu amene anayala maziko a nsanja osayamba waŵerengera mtengo wake, nalephera kuimaliza. (Luka 14:28-30) Zoterozo zimagwera ogula njinga zakale ambiri. Atatsegula injini napeza kuti yatha koposa mmene anaganizira, amagwa ulesi, nagulitsa zonse zili zidutswazidutswa m'mabokosi. Mulungu sali wotero. Iye sananyengedwe ndi maonekedwe, pakuti Kristu anafera anthu iwo akali ochimwa. (Aroma 5:8) Chotero wokhulupirira watsopano amene aona mkwiyo wake wakale ukubuka, kapena chilakolako cha moŵa chikumkokanso, sayenera kuganiza kuti Mulungu wadabwa naye kapena kuti akunong'oneza bondo. Wogulayo anadziŵa chimene anali kugula.

Utoto Suchiritsa Injini

5, 6. Kodi ndi ziyeso ziŵiri ziti zimene zimafikira mwini njinga, ndipo Yesu anachenjeza motani za chachiŵiricho?

5 Mwini watsopano amayang'anizana ndi ziyeso ziŵiri. Choyamba ndicho kuliza injini tsiku lomwelo. Makaniko wanzeru amadziletsa. Petulo wokhalitsa amasanduka ulimbo umene umatseka timaboo ta m'kabuleta. M'thanki mumakhala dzimbiri. Matayala angaoneke osatha, koma labala wake amakhala atauma ndi kung'aluka, ndipo sagwiranso msewu. Mawaya a magetsi amafumbutuka, ndipo zingwe za mabuleki zimachita dzimbiri m'kati mwa zikuto zake. Ngakhale petulo wa lerolino ngwosiyana ndi wa m'zaka za m'ma 1960. Ku Britain petulo wosakanizidwa ndi ethanol wofika 10 peresenti anayamba kugulitsidwa monga wamba mu 2021, ndipo amadya mapaipi akale a labala. Zonsezi ziyenera kupendedwa munthu asanakwere.

6 Chiyeso chachiŵiri ndicho kuyambira pa zimene anthu amaona. Kupaka thanki utoto ndi kupukuta zitsulo kufikira zitaŵala kumafulumira, ndipo anansi amayamikira. Koma njinga yonyezimira ya injini yovunda imangonyenga woikwera. Yesu anatsutsa alembi ndi Afarisi chifukwa cha mkhalidwe umenewu. Anati anali kutsuka kunja kwa chikho ndi mbale pamene m'kati munadzaza umbombo, nawafanizira ndi manda opakidwa njereza. Dongosolo limene anapereka linali lomveka: kuyamba ndi m'kati, kuti kunja kutsatire. (Mateyu 23:25-28) Munthu angaphunzire kavalidwe, kalankhulidwe, ndi nyimbo za mpingo m'miyezi yoŵerengeka. Zimenezo nzabwino pamalo ake, koma zili utoto chabe ngati kunyumba iye akuzunzabe mkazi wake kapena akunyengabe pamalonda.

Litsiro Limene Diso Siliona

7, 8. Kodi sludge trap nchiyani, ndipo nchifukwa ninji ili yangozi pamene inyalanyazidwa?

7 M'injini ya Bonneville ya m'zaka za m'ma 1960 muli malo amodzi amene akatswiri salola kuwalumpha. Njinga zimenezo zinalibe sefa yeniyeni ya oilo yonga ya magalimoto amakono, koma tisefa ta waya togwira zinyalala zazikulu zokha. Chotero opanga anaika kapaipi m'kati mwenimweni mwa crankshaft, chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amazunguza. Kapaipiko kamatchedwa sludge trap. Oilo wopita kumaberingi amadzera mmenemo, ndipo pamene chitsulocho chikuzungulira mwaliŵiro, mwaye ndi tizitsulo tosalala ngati fumbi zimaponyedwa m'mbali nizikanirira momwemo.

8 Njira imeneyi imagwira bwino ntchito kufikira kapaipiko katadzaza. Pambuyo pa zaka zambiri litsirolo limauma gwa ngati dothi la chulu, nilitseka njira ya oilo. Kunja sikuoneka chizindikiro chilichonse. Injini ingalire bwino m'galaja, ndiyeno nkukagwira pamsewu, ndipo ndodo ya pisitoni ingathyoke nkuboola khoma la injiniyo. Kusintha oilo, ngakhale kangati, sikuchotsa vutolo. Injini iyenera kutsitsidwa, kuphwasulidwa ndi kugaŵidwa pakati, chotsekera cholimba chimasulidwe, kapaipiko kasololedwe, ndipo litsirolo likokotedwe lonse. Ntchitoyo njaikulu, ndipo ikatha palibe wopenyerera amene angaone kusiyana kwake.

9, 10. (a) Kodi Malemba amati kuipa kumachokera kuti? (b) Kodi Mkristu angalole motani kuti mtima wake uyeretsedwe?

9 Kodi munthu alinso ndi malo otero? Inde. Yesu anaphunzitsa kuti maganizo oipa, kuba, chigololo, chinyengo, kaduka, ndi kudzikuza zimatuluka m'kati, mumtima. (Marko 7:21-23) Mtima umasunga zimene wakumana nazo kwa zaka zambiri: chakukhosi ndi mbale wa bere limodzi pankhani ya munda wa masiye, mantha a kulodzedwa, tsankho la mtundu limene munthu anayamwira, chithunzi chonyansa chimene maso anachikonda. Zimenezi zimaunjikana pang'onopang'ono, ndipo mwini wake angakhale wosazizindikira, pakuti mtima umanyenga. (Yeremiya 17:9) Kaŵirikaŵiri zimaululika pamene mtolo walemera, monga pamaliro, paulova, kapena pamene wina wapatsidwa udindo umene iye anauyembekezera. Kalata ya kwa Ahebri imachenjeza kuti kuŵaŵa mtima kosiyidwa m'nthaka ngati muzu kumaphuka ndi kudetsa anthu ambiri. (Ahebri 12:15)

10 Davide anapempha Mulungu kuti amsanthule ndi kuona ngati mwa iye munali njira iliyonse yoipa. (Salmo 139:23, 24) Pemphero lotero limafuna kulimba mtima, pakuti kuli ngati kuvomera kuphwasulidwa. Wolipereka moona amatchula tchimo lake ndi dzina lake pamaso pa Mulungu, mmalo mwa kulikuta ndi mawu achisawawa. Amapita kwa amene anamlakwira kukapepesa, nabweza chimene anatenga. Ngati chizoloŵezi chamkulira mphamvu, amauza Mkristu wokhwima amene angamthandize. (Miyambo 28:13, Yakobo 5:16) Zambiri za zimenezi zimachitika mseri, popanda woombera m'manja, koma moyo wauzimu wa munthuyo umadalira pa izo.

Buku la Wopanga ndi Sipanala Yoyenera

11, 12. Kodi nchifukwa ninji chizoloŵezi cha munthu sichingaloŵe m'malo mwa malangizo a wopanga?

11 Makaniko wozoloŵera njinga zamakono angawononge Bonneville yakale mwa kungotsatira zimene amadziŵa. Panjinga zambiri za lerolino mbali ya batire ya negetivi ndiyo imalumikizidwa kufulemu, koma pa Triumph ya m'ma 1960 ndi ya pozitivi. Kutembenuza mawayawo kungapsereze zipangizo za magetsi m'kamphindi. Giya imasinthidwa ndi phazi lamanja, ndipo buleki yakumbuyo ili kulamanzere, mosiyana ndi njinga zamakono. Nchifukwa chake wokonza wosamala amayamba wafunafuna buku limene fakitale inalemba, losonyeza mipata ya mavavu, nthaŵi ya moto wa mapulagi, ndi mphamvu yomangira bawuti iliyonse.

12 M'chaka cha 18 cha ulamuliro wake, Mfumu Yosiya analamula kuti kachisi wa ku Yerusalemu akonzedwe. Ntchitoyo ili m'kati, mkulu wa ansembe Hilikiya anapeza buku la Chilamulo, ndipo mlembi Safani analiŵerenga pamaso pa mfumu. Yosiya anang'amba zovala zake, pozindikira kuti chowonongeka kwambiri sichinali makoma, koma kulambira kwa mtunduwo. (2 Mafumu 22:3-13) Mofananamo, munthu wodzikonza mwa kutsatira mwambo wa kwawo kapena zimene ambiri amachita angaganize kuti zonse zili bwino, kufikira ataŵerenga zimene Mlengi wake analembetsa. Malemba ndiwo amaphunzitsa, kudzudzula, ndi kuwongola, kuti mtumiki wa Mulungu akhale wokonzekera ntchito. (2 Timoteo 3:16, 17)

13. Kodi othandiza ena mumpingo ayenera kugwira motani ntchito yawo?

13 Zida nazonso nzofunika. Mabawuti a Triumph ya 1965 anapangidwa pamiyezo yakale ya ku Britain, ndipo amafuna masipanala otchedwa Whitworth. Sipanala ya mamilimita ingaoneke ngati yakwana, koma imaterera nifafaniza ngodya za nati. Ndipo bawuti yogwira dzimbiri siimvera ukali. Imafuna kuthiridwa mafuta oloŵerera, kusiyidwa usiku wonse, mwinanso kutenthedwa pang'ono, apo ayi imaduka. Paulo analangiza okhwima mwauzimu kubweza wolakwa mofatsa, akudzipenyerera iwo eni. (Agalatiya 6:1) Liwu Lachigiriki limene anagwiritsira ntchito, katartizo, ndilo limenenso limafotokoza Yakobo ndi Yohane akusoka makoka awo m'ngalaŵa. (Mateyu 4:21) Msodzi sasoka khoka kuti alilange, koma kuti liloŵenso m'madzi. Mkulu kapena kholo limene lidzudzula ndi mawu aukali, pagulu, kapena lisanamvetsere, lingathyole chimene linafuna kumasula.

Kukonzedwera Ulendo

14, 15. (a) Kodi nchifukwa ninji kuleza mtima kuli kofunika? (b) Kodi munthu amasiyana motani ndi makina?

14 Injini yomangidwanso siithamangitsidwa nthaŵi yomweyo. Italira koyamba, wokonzayo amasuzumira m'thanki ya oilo kuti aone ngati oiloyo akubwereramo. Ndiyeno amaiyendetsa mofatsa makilomita mazana angapo, namanganso mabawuti ndi kusintha oilo. Anthu nawonso amafuna nthaŵi. Yohane Marko anasiya Paulo ndi Barnaba pakati pa ulendo, ndipo pambuyo pake Paulo anakana kumtenganso. Koma patapita zaka, mtumwi yemweyo ali m'ndende anamuitanitsa, akunena kuti anali wothandiza pautumiki. (Machitidwe 13:13, 15:37-39, 2 Timoteo 4:11) Akanakhala kuti abale onse anamtaya pakulephera kwake koyamba, mpingo ukanataya wantchito wabwino.

15 Komabe, fanizoli lili ndi malire ake. Chitsulo sichingakane dzanja la makaniko, koma munthu angakane la Mulungu. Iye angabise kapaipi kake kodzaza litsiro, nakhutira ndi utoto, kufikira tsiku limene chiyeso chachikulu chidzaulula zonse. Kapena angadzipereke kuti atsegulidwe, akudziŵa kuti anaomboledwa kaamba ka ntchito zabwino, monga mbala yakale imene tsopano ikugwira ntchito ndi manja ake kuti igaŵire osoŵa. (Aefeso 2:10, 4:28) Wosankha njira yachiŵiriyi ali ndi chitsimikizo chimene Paulo anapatsa Afilipi, chakuti Mulungu sasiyira panjira ntchito yabwino imene waiyamba mwa anthu ake. (Afilipi 1:6)

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi kugulidwa ndi kukonzedwa zimasiyana motani?

□ Kodi nchifukwa ninji kusintha kwa kunja kokha kuli kwangozi?

□ Kodi Mkristu angachitenji ndi zoipa zobisika mumtima?

□ Kodi liwu lakuti katartizo limaphunzitsanji awo amene amapereka uphungu?