Za Kupukwa Nthabwala Zakale

Nkhani ya m'cigafa

Nyengo ya masika ikafika, anthu a m'zidikha za ku Kasungu amapezeka m'zigafa. Fodya amene anamfesa pa nazale, namuoka ndi mvula yoyamba, namthyola ndi kumsoka, tsopano wauma pa mikangala. Nchito yotsala ndiyo kusankha masamba ndi kudinda mabelo opita ku msika wa ku Chinkhoma kapena wa ku Kanengo. Nchito imeneyi ifuna manja ndi maso, koma pakamwa sipagwira kanthu. Cifukwa cace m'cigafa ndimo mubadwa nkhani zambiri.

Kawirikawiri nkhanizo zimafika pa Izeki ndi Jakobo. Mkulu wina akumbutsa anzace za sewero limene anaona kale, nayesa kutsanzira mau ace ndi mayendedwe ace. Onse aseka. Koma phwete litatha, mmodzi ausa moyo nati, "Anthu aja anapita nazo nthabwala. Za masiku ano si nthabwala iai." Mnyamata amene wakhala pambali, lamya yace ili m'thumba, sayankha kanthu, pakuti mwana satsutsa akulu pagulu. Koma mumtima mwace afunsa ngati mauwo ali oona.

Funso la mnyamatayo liyenera kuyankhidwa. Kodi nkwabwino munthu kupukwa cimwemwe ca masiku amene anapita? Kodi kupukwako ndi ulemu woperekedwa kwa akufa, kapena ndi bodza limene munthu adziuza yekha?

Amene akumbukidwa

Dziko la Malawi linakhala zaka zambiri lopanda wailesi ya kanema. Wailesi ya MBC inayamba m'caka ca 1964, ndipo nthawi yonse ya ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda inali yokhayo m'dziko. Wailesi ya kanema ya boma inatsegulidwa m'caka ca 1999. Motero mbadwo wonse unaphunzira kuseka ndi makutu. Pa mudzi, munthu amene anali ndi wailesi ya Nzeru anali wolemekezeka. Mabatire akafooka anali kuwaika padzuwa kuti apezeko mphamvu pang'ono, ndipo madzulo anansi anali kusonkhana pakhonde kudzamvera masewero monga Kapalepale ndi Pamajiga.

M'zaka za m'ma 1980 kunachuka gulu la zisudzo la Kwathu, la ku Blantyre, limene linali kucita masewero ace m'Cicewa ndi kuyendera maboma ambiri. M'gulu limeneli munali John Nyanga ndi Eric Mabedi. Awiriwa ndiwo anadziwika ndi maina akuti Izeki ndi Jakobo, ndipo anthu ambiri anafika poiwala maina ao enieni. Nkhani zao zinali za munthu wamba: ngongole, njala, ukwati, ulova, ndi macenjera amene abwerera mwini wace. John Nyanga anamwalira m'caka ca 2016, ndipo Eric Mabedi anamtsatira m'caka ca 2021.

Kupukwa kotere sikuli kwa Amalawi okha. Ku Britain kunali amuna awiri, Ronnie Barker ndi Ronnie Corbett, amene anaseketsa anthu pa kanema wa BBC kuyambira 1971 kufikira 1987. Barker anamwalira mu 2005, ndipo Corbett mu 2016, caka comweco cimene Amalawi analira Izeki. Okalamba a kumeneko nawonso amati nthabwala zinatha ndi anthu amenewo. Tsono cimene cinenedwa m'cigafa ca ku Santhe cinenedwanso m'nyumba za ku London. Ici cisonyeza kuti nkhaniyi ikhudza mtima wa munthu aliyense.

Ubwino wa kupukwa

Coyamba, kupukwa ndi mtundu wina wa kuyamika. Kuseketsa anthu ndi nchito, ndipo ndi nchito yobvuta. Wocita zisudzo ayenera kuyang'anitsitsa makhalidwe a anthu monga mlenje ayang'ana mapazi a nyama. Ayenera kudziwa pamene mau agwere, ndi pamene akhale cete. Ayenera kuseketsa khamu ngakhale tsiku limene kunyumba kwace kuli matenda. Munthu amene analandira cimwemwe kwa wanchito wotere, namuiwala atangoikidwa m'manda, ali ngati mlendo amene adya nsima nacoka osatsazika.

Caciwiri, nthabwala zabwino ziphunzitsa. Makolo a Acewa anadziwa ici kalekale. M'gule wamkulu muli zilombo zina zimene zibvina motsanzira cidakwa, waulesi, kapena mlendo wodzikuza, kuti oonerera aseke nazindikire khalidwe loipa. Pa maliro, adzukulu aloledwa kunena zoseketsa kuti mitima ya anamfedwa ipepuke. Msuweni anena kwa msuweni wace mau amene mbale sangathe kunena. Mwa njira zonsezi coonadi cowawa cilowa m'khutu popanda ndeu. Ocita zisudzo a pa wailesi ndi pa kanema anatola mwambo womwewo naubveka zobvala zatsopano. Wokumbukira nthabwala zao akumbukiranso mwambo umene unali m'kati mwace, ndipo akaufotokozera mdzukulu wace, mwambowo sufa.

Cacitatu ndi cobisika pang'ono. Mkulu wa m'cigafa uja akati apukwa Izeki, sapukwa Izeki yekha. Apukwa khonde lija, mwezi uja, ndi anthu amene anakhala naye pamphasa. Apukwa kuseka kwa mkazi wace amene anamwalira, ndi kwa mbale wace amene anapita ku Johannesburg osabweranso. Apukwa mawondo ace amene anali olimba. Nkobvuta kuti mwamuna wamkulu anene pagulu kuti, "Ndasowa mkazi wanga." Nkwapafupi kunena kuti, "Ndasowa nthabwala zakale." Mnyamata wanzeru akamva mau acibwereza otere asafulumire kunyoza, pakuti pansi pace pali cisoni ceniceni.

Ngozi ya kupukwa

Koma kupukwa kuli ngati moto wa m'balani: ukakhala wa muyeso uumitsa fodya bwino, ukapitirira utentha balani lonse. Ngozi zace ziripo zitatu.

Ngozi yoyamba ndiyo kunama za kale. Munthu ayamba ndi kunena kuti nthabwala zakale zinali zokoma, natsiriza ndi kunena kuti zonse zakale zinali zokoma. Anthu a ku Kasungu ali ndi cifukwa cokanira mau otere. Zaka zimene anthu anali kuseka pakhonde ndi zaka zomwezo zimene lamulo linaletsa mlimi wa m'mudzi kulima fodya wa bale; fodyayo anali wa eni maesiteti okha kufikira 1990. Mabanja ambiri anacoka kwao, ena kucokera kutali ku Mulanje ndi ku Thyolo, kudzakhala matenanti. Anali kulandira cimanga ndi feteleza pa ngongole, ndipo fodya atagulidwa ndi mwini munda, ena anali kupeza kuti thukuta la caka conse lathera kubweza ngongoleyo. Ana ambiri anakulira m'minda osaona khomo la sukulu. Mcitidwe wa utenanti unaletsedwa ndi lamulo m'caka ca 2021.

Ngakhale kuseka kumene kunali ndi malire. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe loyang'anira mabuku, nyimbo ndi masewero, ndipo sewero silinali kuonetsedwa popanda cilolezo. Panali maina amene munthu sakanawachula moseka. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991 osazengedwa mlandu. Ndipo ufulu wa zipani zambiri utabwera mu 1994, mabvuto sanathe. Njala ya 2002 inapweteka Kasungu koposa, anthu nadya gaga ndi mizu. Anthu anaseka m'zaka zonsezi, inde, koma sanaseke cifukwa moyo unali wofewa. Anaseka cifukwa unali wolimba, monga wodwala afunafuna mankhwala. Woyamika mankhwala asayamikenso nthenda.

Wina angatsutse nati, "Mlekeni nkhalambayo, maloto ace apweteka yani?" Yankho ndi lakuti apweteka mwana womvera. Mwana amene auzidwa tsiku ndi tsiku kuti zabwino zonse zinatha iye asanabadwe, ataya mtima pa nthawi yace. Ndiponso mtundu umene uiwala kuwawa kwa goli sucedwa kulibvalanso.

Ngozi yaciwiri ndiyo kuweruza ana mosalungama. Mlimi wa fodya angamvetse ici msanga. Belo limene lipita ku okushoni lasankhidwa kale: masamba ong'ambika, acuku ndi opserera anatayidwa, natsala okoma okhaokha. Munthu akayerekeza belo limenelo ndi mulu wa fodya wongotsitsidwa kumene pa mikangala, nanena kuti fodya wa caka cino ndi woipa, anzace amseka. Momwemonso nthabwala zakale. Zaka zinazisankha kale. Zosakoma zinalipo zambiri, koma zinaiwalika. Zinaliponso, kuno ndi ku Britain komwe, zina zonyoza opunduka, akazi, kapena anthu a mtundu wina, zimene lero munthu wa ulemu sangazibwereze. Zimene zatsala m'mitima ndi zosankhika. Koma nthabwala za anyamata a lero, zimene ziyenda pa lamya ndi pa Facebook, zikali mulu wosasankha. M'menemo muli zinyalala, koma mulinso masamba abwino. Izeki ndi Jakobo nawonso anali anyamata tsiku lina, ndipo anakula cifukwa anapeza anthu owamvera.

Ngozi yacitatu ndiyo kulemekeza akufa ndi kumana amoyo. Nkwapafupi kutama munthu ali m'bokosi, pakuti safunanso cakudya kapena mankhwala. Koma wocita zisudzo ali moyo adya nsima monga wina aliyense. Bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze nchito za oimba, olemba ndi ocita zisudzo, komabe anthu ambiri sayesa kanthu kugula kanema wokopedwa mwakuba, kapena kulowera pampanda pamene sewero licitika. Munthu amene sangalole kuti wina atole tsamba limodzi m'cigafa cace, atenga thukuta la mnzace kwaulere, ndipo mnzaceyo atamwalira ndiye ayamba kulira mokweza. Kulira kotere sikuli ulemu. Ulemu ukadakhala kulipira pakhomo mwini wace akali kupuma.

Muyeso wace

Tsono yankho la funso lija ndi ili: kupukwa nkwabwino pamene kuli kuyamika, ndipo nkoipa pamene kusanduka bodza kapena cipongwe. Pali njira yoyesera. Munthu adzifunse ngati kukumbukira kwace kumpatsa kanthu kogawira ena, kapena kumlanda cimene ali naco. Ngati atakumbukira Izeki afuna kuitana adzukulu ace kuti awasimbire ndi kuseka nao, kupukwa kwace nkwamoyo. Ngati atakumbukira akhala ndwii, nanyansidwa ndi kuseka kwa ana, kupukwako kwayamba kumdya.

Akulu anati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Tsiku limene munthu ali nalo ndi lalero. Dzulo silingabwerere, ngakhale munthu atakhala ndi makaseti onse a masewero akale. Angamvenso mau omwewo, koma khonde lija ndi anthu aja sadzawapezamo. Cimene angathe ndico kumanga khonde lina. Masiku ano aliyense ayang'ana lamya yace payekha, ndipo apa okalamba anena zoona kuti cina cace catayika, pakuti phwete la munthu mmodzi silifanana ndi la anthu khumi. Koma mankhwala ace si kutukwana lamya. Mankhwala ace ndiwo kuiika pakati pa mphasa kuti onse aone pamodzi.

Udindo uli mbali zonse ziwiri. Mkulu anene zakale zonse, zokoma ndi zowawa zomwe: asimbe za Kapalepale, asimbenso za ngongole ya pa esiteti ndi za mantha a masiku aja. Mnyamata amvere moleza mtima, podziwa kuti iyenso adzakalamba, ndipo maina amene awakonda lero adzakhala acilendo kwa adzukulu ace. Akatha kumvera, atulutse lamya yace mwaulemu, nati, "Agogo, taonaniko iyi." Kapena mkuluyo sadzaseka. Kapena adzaseka pang'ono, nanena kuti sifika pa Jakobo. Zimenezo zilibe kanthu. Adzakhala ataonera pamodzi, fodya ali m'manja, ndipo patapita zaka makumi anai mnyamatayo adzakumbukira tsiku limenelo.